Ndinawotcherera Nati Mkazi Wanga Ali M'bokosi

Pikapu ija ine ndinaikana tikadali kuchipatala. Ndinaikana pamaso pa anthu, osati chamumtima ayi. Itangolowa pageti la kumotchale ndinamva kulira kwake, kwii kwii ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko, ndipo ndinadziwiratu kuti lamba wa injini akuvina. Munthu wokalambira pa zitsulo sachita kutsegula boneti kuti adziwe galimoto yodwala. Ine ndawotcherera zitsulo pa Njuli moyo wanga wonse: mageti, mafelemu a mawindo, njinga za kabaza, ngolo, zigayo, chilichonse chothyoka. Sukulu sindinapite nayo patali, ndipo sindichita nazo manyazi. Chitsulo chikalira ndimamva chimene chikudandaula.

Ndinati, "Alamu, galimoto iyi sitifika nayo ku Magomero. Tiyeni tifune ina."

Alamu angawa ndi mlongo wake wamkulu wa malemu mkazi wanga, ndiwo eni mbumba. Anandiyang'ana ngati mbuzi yolowa m'tchalitchi misa ili mkati.

"Alamu, inu ndinu anamfedwa. Khalani pansi muzilira. Maliro ali ndi eni ake."

Eni ake! Mkazi ndakhala naye mpaka tonse imvi mbuu. M'chipatala muja anamwino ankandithamangitsa muwodi ya azimayi, ine n'kubwereranso pakhomo lina kuti ndikamumwetse phala ndi supuni. Nsalu zake ndinkachapa ine pampopi, pakati pa azimayi ondiseka. Alamuwo ankabwera Lamulungu lokha, atanyamula kaphava ka nthochi, nthochizo n'kudya okha uku akudandaula za mvula ya chaka chatha. Lero maliro ali ndi eni ake. Ndiwo ukamwini wa kwathu kuno umenewo. Ife tinkakhala pa Njuli kuseri kwa shedi yanga, koma kwawo kwa mkazi wanga ndi ku Magomero, ndipo kumeneko ndinamanga nyumba ya njerwa zootcha, ndinalima, ndinabereka ana. Koma pa maliro mkamwini ndiwe mlendo, ngakhale wagona m'bokosiyo akhale nthiti yako.

Ndinaisiya nkhaniyo. Sikuti ndinagonja. Ndinaona mwana wanga wamkazi woyamba, mayi wa ana akuluakulu kale, amene anavutika nane pakhonde la chipatala nthawi yonse ija, akundipukusira mutu kuti ababa, lero lokha.

Mwini pikapuyo, amenenso ankayendetsa yekha, anali mnzawo wa alamu wa pabawo, bambo wa mimba yotsogola, wa malaya osamanga mabatani. N'chifukwa chake galimoto yabwino sinafunidwe. Anamangirira masamba kutsogolo ndi kumbuyo, tinakweza bokosi, amayi a mphakati wathu anakhala molizungulira, ine anandikhazika kumutu, mwana wanga pambali panga. Alamu anakalowa kutsogolo pampando wofewa, poti ndiwo eni maliro.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinadutsa pa Njuli anthu ataima m'mbali mwa msewu, akabaza atavula zipewa, amayi a tomato atagwira pakamwa. Shedi yanga ndinaiona ili ndi loko pakhomo. Tinadutsa Mbulumbuzi amayi akuimba. Kulira kwa lamba kuja kunkangokulirakulira, ine ndekha ndikukumva pansi pa nyimbo. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi, wa mabampu ngati malata, sitinapite patali. Ndinamva thoo! Kenaka kweche kweche kweche, kenaka fungo la labala wopsa. Mwini galimoto m'malo moima anapondabe mafuta, akuti tikafike pamthunzi. Mthunzi wake sitinaupeze. Tinaima nthunzi ili tolotolo kuchokera m'boneti, pakati pa minda ya nandolo, pamudzi pa anthu osatidziwa.

Nyimbo inaduka.

Ndinafuna kutsika. Mayi wamkulu wa mphakati, amene ankapemphera kolona ndi mkazi wanga, anandigwira bondo. "Bambo, musatsike. Anamfedwa sachoka pambali pa bokosi."

Ndinakhala. Ndinamva boneti kutseguka, ndinamva alamu ndi mnzawo akunong'onezana, kenaka ndinamva chinthu chimene mpaka lero chikandibwerera m'khutu dzanja limandiyabwa. Hamala. Gho! Gho! Gho! Hamala ndi tchizulo pa injini.

Ndinakuwa ndili pomwepo. "Mukumenya chiyani kumeneko?"

"Palibe vuto, madala," anayankha mwini galimoto. "Kabawuti chabe. Tikazungulitsa ndi tchizulo."

"Siyani! Musakhudze!"

"Alamu, ulemu pamaliro," anatero alamu.

Gho! Gho!

Apo ndiye ndinalumpha. Ndi mawondo anga owumawa ndinalumpha kuchoka m'pikapu ngati mnyamata, mayi wa mphakati n'kutsala atagwira mphepo.

Chinachitika n'chakuti bawuti lomanga chitsulo chogwira alitineta, kachipangizo kotchaja batire, linathyoka. Alitineta itagwera pambali lamba anavuka, ndipo lamba yemweyo ndiye amazungulitsa pampu ya madzi, n'chifukwa chake injini inawira. Mutu wa bawuti unatayika m'fumbi, thupi lake linatsalira m'kati mwa injini. Komatu linathyoka mwachifundo. Linasiya kachitsa kotulukira kunja, kokwana kugwira ndi pulayala. Zidutswa za kachitsako ndinaziona ndi maso anga zikunyezimira pansi. Munthu uja anali atakasadza ndi tchizulo mpaka pamalo ponse pali see, bawuti lamira m'dzenje lake, milomo yake yafutukuka ngati bowa moti linadzikhoma lokha.

Ndinati, "Achimwene, ntchito imeneyi munaiphunzira kuti? Kukwale kophwanya miyala?"

"Ndimatero nthawi zonse, madala. Limatuluka."

"Nthawi zonse? Ndiye kuti si koyamba?"

Anayang'ana kumbali. Nditasuzumira bwino ndinaona kuti mbali ina ya chitsulo chija inali yomanga ndi waya wa mpanda. Waya wa mpanda! Munthu kubwera kudzanyamula mkazi wanga ndi injini yomanga ngati khola la nkhumba.

Ndisanamalize kumulalatira, foni ya alamu inalira. Anali akumudzi. Adzukulu anali atamaliza kukumba kalekale, chakum'mawa, akhala pansi pa mitengo kumanda, akufunsa kuti tili pati. Aliyense wa kwathu kuno akudziwa kuti dzenje likakumbidwa siligona lopanda kanthu. Maliro akalephera kufika, adzukulu amadula thunthu la nthochi n'kuligoneka m'menemo, kuti dzenjelo lisaitane munthu wina pamudzi.

Ndinamva alamu akuti, "Auzeni kuti dzuwa likatsikira pa mitengo ya kumanda ife tisanafike, adule nthochi. Tiika mawa."

"Mwati chiyani, alamu?"

"Tiika mawa. Nanga titani? Tigona pompano, mawa kubwere makaniko wa m'tauni."

Ndinaona mdima masana. Mkazi wanga agone pamsewu, pamudzi pa eni, ngati thumba la makala logwa panjinga? Mankhwala a kumotchale anamubaya ochepa, ongokwana ulendo wa tsiku lomwelo, ndipo alamu anali pomwepo pamene amanena zimenezo. Dzuwa linali likuwotcha bokosi, ntchentche zitayamba kale kuzungulira maluwa. Mkazi waukhondo uja, wosesa pabwalo m'mawa ndi madzulo, wotsuka mapoto mpaka munthu kudziona nkhope, anthu a kwawo adzamutsanzike atatseka mphuno? Ndipo m'nyumba yake yomaliza muyambe kugona nthochi, iye n'kubwera pambuyo ngati wobwereka malo?

Ndinati, "Mumve bwino, alamu. Mkazi wanga aikidwa lero. Lero, dzuwa likuona."

"Mumusenza pamutu?"

Kusenza tikanasenza, makolo athu anabwera ndi miyendo kuchokera kutali kuposa pamenepa. Koma amuna tinali atatu okha, mmodzi wake wa mimba ija, ndipo mtunda unali udakalipo wambiri.

Chapafupi pompo, pansi pa mtengo wa mango, panaima lole ya munthu wogula nandolo, sikelo itapachikidwa panthambi, matumba ataunjikidwa kumbuyo. Ndinapita ndekha. Ndinamupatsa moni, ndinamufotokozera. Anali Myao, bambo wa kapu yoyera, ndipo anandiyankha mwaulemu ndi modzichepetsa, koma anakana.

"Pepani kwambiri, achimwene. Muno muli chakudya. Ndikakweza maliro pamwamba pa nandolo, mudzi wonse uona, mawa palibe adzandigulitsa kapena kundigula."

Sindinamukwiyire, ananena zoona zake. Ndiponso alamu anali atafika kale kumbuyo kwanga akukuwa kuti bokosi silitsika pamudzi pa eni, likangokhudza dothi la pano mzimu utsalira pompano. Kunyamula ayi, kutsitsa ayi, kusintha galimoto ayi. Chilichonse ayi. Iwo chawo chinali nthochi basi.

Ndinayang'ana pansi pa lole ija, ndinaona mabatire awiri akuluakulu m'kabokosi kake kachitsulo.

Ndinati, "Achimwene, maliro musakweze. Ndibwerekeni mabatirewo."

"Mabatire? Ya galimoto yanu yatha moto?"

"Ndikufuna kuwotcherera."

Anandiyang'ana, anayang'ana pikapu ndi masamba ake, kenaka anakatenga sipanala yekha.

Pamudzi paja panalibe magetsi, makina anga a kushedi akanangokhala mpando. Koma mabatire atatu olumikiza mondondozana amasungunula rodi wowotcherera bwinobwino. Ndinazichitapo pa ngolo kumunda, ndinazichitapo pa chigayo cha dizilo kuseri kwa phiri. Chosowa chinali marodi, zingwe zanga zokhuthala, galasi lakuda ndi chitini cha manati ndi mabawuti. Zonsezo zinali pa Njuli.

Ndinatulutsa kiyi wa shedi m'thumba. Alamu anaima patsogolo panga, manja atatambasula ngati akutchinga nkhuku.

"Alamu, mwapenga? Anamfedwa sagwira ntchito asanamete. Mukufuna kuyatsa moto pagalimoto mlongo wanga ali momwemo? Mukufuna kutidzetsera chiyani pamudzi?"

"Chimene mwatidzetsera inu ndi ichi," ndinaloza mnzawo wa mimba uja. "Munakamutola pabawo."

"Mkamwini asamakule mwendo!"

"Mwendo umenewu ndi umene unaponda dothi la njerwa za nyumba imene mumabisalamo mvula. Chokani."

"Ndikanena kwa akuluakulu. Mlandu umenewu simuutha."

"Kaneneni. Mukanenenso kuti munafuna kuika nthochi m'malo mwa mlongo wanu."

Amayi ena m'pikapu anaphimba kumaso. Mwana wanga anatsika pang'onopang'ono, anamanga chitenje bwinobwino, anabwera kudzaima pakati pathu. Mwana ameneyu sanayankhepo atsibweni ake mwamwano chibadwire. Anagwada pang'ono monga mwa ulemu, n'kunena kuti, "Atsibweni, amene ali m'bokosimo ndi mayi anga. Ababa, kiyi."

Ndinamupatsa kiyi. Anthu a pamudzipo anatiitanira wa kabaza ya njinga yamoto, mwana wanga anakwera, fumbi koboo kulowera kutala. Ndinamukuwira ali patali kuti marodi atenge owonda, ali m'chitini cha mkaka pamwamba pa denga la mkati, asatenge onenepa.

Anthu a pamudzi paja Mulungu awadalitse. Sankatidziwa, koma amayi anabwera ndi ndowa za madzi, ena anakwera m'pikapu n'kutambasula zitenje pamwamba pa bokosi kuti likhale pamthunzi, manja m'mwamba, akusinthana akatopa. Nyimbo inayambanso, tsopano ya anthu ambiri. Ine ndinavula jekete la maliro, ndinapinda malaya, ndinayamba kupala pamalo pa bawuti paja ndi msomali ndi mchenga. Pamafuta ndi dzimbiri moto sugwira. Pafunika chitsulo chiyere ngati dzino.

Ndikupala choncho ndinkamukumbukira mwini wake wa ulendowo. Mkazi ameneyu ankakazinga zitumbuwa pakhomo pa shedi yanga, ndipo ntchito yanga ankaidziwa ngati yake. Munthu akabwera ndi khasu lothyoka ine ndili kwina, iye ankaliyang'ana n'kumuuza kuti ili n'lotheka, ili katayeni. Masiku amene moto wa rodi unkandilowa m'maso, maso ngati athiridwa mchenga, ankadula mbatatesi yaiwisi n'kundiika pazikope uku akundinyoza. "Inu bambo, galasi lija munagula kuti lizikongoletsa khoma? Mukachita khungu musaganize kuti ine ndidzakutsogolerani ndi ndodo." Ndiye munthu wina abwere andiuze kuti mkazi ameneyo akwiya ndi moto wa rodi? Wakhala akuupuma utsi umenewo moyo wake wonse, ana ake anakula ndi utsi umenewo. Amene sanaudziwe ndi alamu, poti ntchito iliyonse ya thukuta amaionera patali.

Dzuwa linali litapendeka pamene njinga inabwerera, mwana wanga atakumbatira thumba, nkhope yonse fumbi. Sanaiwale kanthu.

Ndinachotsa batire la pikapu, kuti moto wanga usatenthe mawaya a galimoto, ndinaliika pansi pamodzi ndi awiri a lole aja. Ndinawalumikiza, mutu wofiira wa ili ku mutu wakuda wa linzake, mpaka onse atagwirana. Chingwe chimodzi ndinachiluma pa injini, china pa chogwirira rodi. Paipi ya mafuta ndinaikulunga ndi chiguduli chonyowa. Ndinauza anthu kuti asayang'ane moto. Alamu anakaima patali, pansi pa mango, atafulatira, akulankhula pafoni mokweza kuti aliyense amve kuti iwo sali nawo m'zimenezi.

Ndinaika nati pamwamba pa bawuti lomira lija, ndinalowetsa rodi pabowo la nati, ndinakhudza. Moto unabuka, thethethe, buluu. Amayi ena anakuwa, nyimbo inagwedezeka koma sinagwe. Ndinadzaza bowo lonse mpaka nati inafiira psuu. Apa ndiye ndinapupuluma, dzuwa ndinkaliona ndi kona ya diso. Ndinagwira sipanala nati isanazizire, ndinakoka. Thyoo! Nati inachoka yokha, bawuti lili phee m'malo mwake.

Anthu onse anati, "Aaa!"

Alamu anatembenuka msangamsanga ngati amayembekezera zomwezo. "Mwaona? Mwaona, anthuni? Malemu akukana! Ndinanena ine!"

"Mlongo wanu sanakanepo kupita kwawo," ndinatero. "Chikukana ndi dzimbiri ndi tchizulo cha mnzanuyo. Khalani chete, mukunditayitsa moto."

Mwini galimoto anati, "Madala, bwanji tingomanganso ndi waya mbali zonse?"

"Inu mukalankhulanso za waya ndikuwotchererani pakamwa."

Ena a pamudzipo anaseka, kenaka anakumbuka kuti ndi pamaliro.

Vuto linali lakuti bawuti linamira kwambiri, moto unagwira nati koma kumunsi sunalume. Ndinapalanso. Ulendo uno ndinayamba ndi kumanga kachitsa katsopano, kadontho pamwamba pa kadontho, kukhudza n'kuchotsa, kukhudza n'kuchotsa, kugogoda makoko ake ndi msomali, mpaka kanatulukira kunja ngati kansonga ka chala. Chitsulo cha injini n'chamtundu wina, rodi wamba sachigwira msanga, choncho ukakhala ndi dzanja lokhazikika moto umapita pa bawuti lokha. Langali linali lokhazikika. Mkazi wanga ali m'bokosi kumbuyo kwanga, thukuta likulowa m'maso, dzanja silinanjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo wonena kuti izi zikusonyeza kuuma mtima abwere adzandiuze pamaso. Pakachitsa paja ndinavekapo washala, kachitsulo kabowo pakati, ndinawotcherera mozungulira. Pamwamba pa washala ndinakhazika nati yaikulu, ndinaidzaza m'kati, ndinaimanganso m'mbali. Dontho la chitsulo chamoto linandigwera pamkono, ndinamva kununkha kwa khungu langa, sindinachotse dzanja.

Kenaka ndinaika rodi pansi, ndinakhala pafumbi.

"Kokanitu, madala!" anatero mwini galimoto.

"Ayi."

"Dzuwa likupita, ababa," anatero mwana wanga.

"Ndikuliona, mwanawe. Tidikire."

Wina anabwera ndi kapu ya madzi kuti athire panati izizire msanga. Ndinamuletsa ndi mkono. Ukathira madzi, chimene wawotchereracho chimauma ngati galasi, chimathyoka. Moto uja umalowa m'bawuti, bawuti limatupa n'kuphwanya dzimbiri lolizungulira, ndiye likamazizira lokha limabwerera, n'kusiya kampata. Kampata kameneko ndiye ntchito yonse. Sikafulumizidwa ndi munthu, ngakhale akhale mwini mbumba. Pa moyo wanga wonse sindinadikirepo chinthu mowawa ngati mmene ndinadikirira nati imeneyo kuti ichoke pa kufiira ifike pa kuda. Foni ya alamu inaliranso. Ndinamva akuti, "Dulani, dulani basi, kuno kuli masewera."

Nati itada koma ikadali yotentha, ndinapita kwa mayi wamkulu wa mphakati. "Mayi, ndipatseni kandulo."

M'thumba mwake munali makandulo oti akayatse pamanda. Anazengereza, anayang'ana kwa alamu, kenaka anatulutsa imodzi n'kundipatsa ndi manja awiri. Ndinaikhudzitsa m'mphepete mwa washala. Phula linasungunuka, linatsetsereka, linamwedwa m'mazinga a bawuti ngati madzi pamchenga.

Ndinagwira sipanala. Sindinakoke ayi. Ndinayamba ngati ndikumanga, pang'ono, kenaka ngati ndikumasula, pang'ono. Uku, uku. Uku, uku. Ngati mmene umagwedezera chinangwa m'dothi louma kuti chisaduke. Poyamba panalibe kanthu. Kenaka ndinamva m'dzanja, osati m'khutu, kanthu kakuti tsi. Ndinathiranso phula. Uku, uku. Kwiii. Linalira ngati chitseko chakale. Sipanala inayenda, inayendanso, kenaka ndinaitaya n'kumaliza ndi chiguduli m'manja. Bawuti linatuluka lonse, lofiira ndi dzimbiri, nati yanga ili kumutu kwake ngati chipewa.

Amayi a pamudzi paja analuluta, pamaliro pomwepo, kenaka analira. Ine sindinaonetse munthu aliyense bawutilo. Ndinaliponya m'munda wa nandolo, ndinakhuthula chitini changa pansi, ndinapeza lina lofanana mazinga. Mbali ya waya wa mpanda ija ndinaikamonso bawuti lenileni. Lamba anali wodyeka m'mbali koma wamoyo. Ndinamukoleka, ndinamukoka, ndinamanga. Amayi anathira madzi a m'ndowa muladiyeta. Bambo wa lole anatenga mabatire ake, ndinamugwira dzanja, iye anati pitani mukaike, Mulungu akutsogolereni.

Batire la pikapu, lokalamba ngati mwini wake, linali litatha moto. Kiyi anangoti tche tche. Ndinati tikankhe. Amuna a pamudzipo anagwira, bambo wa lole anagwira, ine ndinagwira. Ndinayang'ana pansi pa mango.

"Alamu! Mwambo umaletsanso eni mbumba kukankha?"

Anabwera, nkhope ili ndwii, anagwira ndi nsonga za zala. Tinakankha mkazi wanga pamsewu wafumbi, amayi akuimba pamwamba, mpaka injini inatsokomola n'kudzuka. Kulira kwa khoswe kuja kunalibenso. Ndinauza mwini galimoto kuti akaima paliponse tisanafike, ndiyendetsa ndine, ngakhale sindinaphunzirepo.

Tinalowa m'mudzi dzuwa litatsikira pa mitengo ya kumanda, lofiira koma lathunthu. Pasiwa sitinakhalitse. Bokosi linalowa m'nyumba, abale anaona nkhope mofulumira, palibe amene anatseka mphuno, linatuluka. Akatekisiti anafupikitsa mapemphero, oyankhula onse anauzidwa kuti mawu awo asunge. Tinayenda chothamanga kupita kumanda.

Thunthu la nthochi tinalipeza atadula kale. Linali chigonere pamulu wa dothi, m'mphepete mwenimweni mwa dzenje, madzi ake akudontha. Wamkulu wa adzukulu anali atamanga kale zingwe kuti alitsitse.

Ndinati, "Chotsani ichi. Mwini nyumba wafika."

Analikokera kutchire. Zingwe zomwezo anazikoleka pabokosi, ndipo mkazi wanga anatsika m'nyumba yake dzuwa likuona, pafupi ndi amayi ake. Dothi ndinaponya ndi dzanja lakuda ndi mafuta a injini, poti panalibe nthawi yosamba. Pamene makasu a adzukulu anayamba kugwetsa dothi, ndinakhala pansi pomwepo. Apo ndiye ndinalira, ndipo sindinafune munthu wondiuza kuti tsopano nthawi yolira yakwana.

M'mawa mwake, pometa, anandikhazika pabwalo. Alamu anafotokoza mlandu wonse ataimirira, kuti mkamwini anachoka pambali pa bokosi, anagwira ntchito maliro ali pamtunda, anayatsa moto pagalimoto ya malemu, ananyoza eni mbumba pamaso pa alendo. Za nthochi sanatchule. Za waya wa mpanda sanatchule. Mnzawo wa pabawo anamuthokoza pagulu kuti anatithandiza mayendedwe pa nthawi yovuta, anthu n'kuwomba m'manja. Ine akuluakulu anandigamula nkhuku.

Nkhuku ndinapereka. Ndinalowa m'khola la mkazi wanga, ndinagwira tambala wamkulu kuposa onse, kuti asadzanene kuti mkamwini uja anali womana. Ndinamuika pamapazi pa alamu. Anapha, anaphika, anadya, alamu anatenga chiganga ndi ntchafu. Ine sindinalawe ngakhale msuzi, ndipo kuchokera tsiku limenelo alamuwo moni wanga sanaumvenso.